Magetsi akathima pa mphindi ya 70, wapambana ndani?

Ku Mufakose, kumadzulo kwa mzinda wa Harare, nyumba zambiri zili ndi kachipinda kakutsogolo kamene eni ake anakasandutsa malo a geni. Kwina amameta tsitsi, kwina amagulitsa buledi ndi mazira, kwina amakonza mafoni. Pafupi ndi pokwerera makombi pali kena kamene mwini wake anaikamo ma TV awiri, ma PlayStation awiri ndi benchi lalitali lathabwa. Munthu ukabisala mvula pakhonde pake, zonse zokambidwa m'katimo zimakupeza zokha.

Anyamata a pamenepa amalankhula Chishona chosakaniza ndi Chingerezi, koma ambiri mwa iwo ndi a Phiri, a Banda, a Mwale. Ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland kukagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi ndi m'makhitchini a azungu ku Salisbury. Chichewa chawo chimagona pansi, chimadzuka mkangano ukafika povuta.

Lamulo la pabenchipo aliyense amalidziwa: wopambana sadzuka pampando, wogonja amapereka padi kwa mnzake wotsatira ndipo ndi iye amalipira gemu. Masewero ake ndi a mpira aja amene kampani ya EA Sports inawasintha dzina mu 2023, koma pano aliyense amangoti FIFA basi.

Tsiku lina m'dzinja, mnyamata wamtali wa chipewa chofiira anali kutsogola ndi zigoli ziwiri kwa duu. Iye anatenga Manchester City, mnzake wamfupi anatenga Real Madrid. Itakwana mphindi ya 70, TV inangoti zii. Magetsi apita. Batire ya sola inali itafooka kale chifukwa mitambo inaphimba dzuwa kuyambira m'mawa.

"Ndawina, aise. Anthu onse aona. Lipira."

"Wawina bwanji? Refa waimba wezulo?"

"Zigoli ziwiri ukanabweza iweyo?"

"Madrid imadzuka kumapeto. Funsa aliyense."

Wina wa pabenchi anati alipire amene athimitsa magetsiwo. Anzake anaseka, koma kamnyamata kena ka yunifolomu ya sukulu sikanaseke. Kanati akuluakulu amatinamiza. Mvula yagwa sabata yonse, misewu ya Mufakose yasanduka madambo, ndiye munthu aime pa wailesi n'kumati kudamu la magetsi la Kariba kulibe madzi? Madzi onsewa akupita kuti?

Apa m'pamene mkulu wina wokonza mafoni pakhomo loyandikana analowerera, kasikuludiraiva kali m'manja. Anagwada pakhondepo n'kuyamba kujambula m'matope. Apa Harare. Madzi a m'ngalande zathu amatsikira mu Mukuvisi ndi mu Marimba, amalowa m'nyanja ya Chivero, kenako mtsinje wa Manyame umawatenga kupita kumpoto. Manyameyo amakathira mu Zambezi kumunsi kwa damu la Kariba, kufupi ndi Cahora Bassa ku Mozambique. "Ndiye mvula yako ya pa Mufakose, mphwanga, siipukusa makina a ku Kariba ngakhale pang'ono." Anajambula mzere wina wautali kuchokera kumtunda. Madzi ambiri odzaza Kariba amagwa kumpoto chakumadzulo kwa Zambia ndi kum'mawa kwa Angola, amayamba afalikira m'zigwa za Barotse, ndipo amafika kudamu mochedwa, mvula ili pafupi kusiya.

Ananena zoona. Mu November 2022 bungwe la Zambezi River Authority, limene limagawa madziwo pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, linauza Zimbabwe kuti yatha gawo lake la chakacho. M'makomboni magetsi ankabwera pakati pa usiku n'kuchoka kusanache. Chilala cha El Niño cha 2024 chinabweretsanso mavuto omwewo, ngakhale kuti ku Hwange anali atawonjezera makina awiri a malasha mu 2023.

Wamfupi uja sanakhutire. Anati agogo ake amati ndi Nyaminyami, njoka ya mu Zambezi, imene inakwiya chifukwa khoma la damu linaisiyanitsa ndi mkazi wake. Wokonza mafoni sanamunyoze. Anangoti nkhaniyo ndi ya Atonga, ndipo iwo ali ndi chifukwa choikambira: damulo likumangidwa, madzi anasefukira koopsa mu 1957 ndi 1958, ndipo Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa m'midzi yawo m'mbali zonse ziwiri za mtsinje kuti mizinda ndi migodi ipeze magetsi. "Inu mukulira gemu imodzi," anatero. "Iwo anasiya minda ndi manda a makolo pansi pa madzi."

Ine chimene chimandikoka pakhonde limeneli ndi chomwechi. Anthu odutsa amati ana awa akungotaya nthawi, ena amawaika m'gulu limodzi ndi osuta mankhwala ozunguza bongo a mutoriro amene awononga achinyamata ambiri m'makomboni a Harare. Koma sindidziwa malo ena m'dera lino kumene mnyamata wosagwira ntchito angafunse funso la sayansi n'kuyankhidwa mwaulemu, kapena kumene mlandu umazengedwa onse akumva. Masiku ena amakangana ngati kompyuta imakondera timu yogonja kuti gemu ikome. Tsiku lina osewera Grand Theft Auto, atatopa kuthawa apolisi a pa TV, anakangana za lamulo limene Pulezidenti Emmerson Mnangagwa anasainira pa 31 December 2024 lothetsa chilango cha imfa. Wina ankati wopha mnzake aphedwe, wina n'kumufunsa kuti nanga woweruza akalakwitsa, munthu wonyongedwa umamudzutsa ndi batani liti?

Mlandu wa zigoli ziwiri uja anaugamula ndi mwini shopu, bambo wachikulire wosakonda kulankhula. Anati magetsi akabwera, awiriwo ayambirenso ndi matimu omwewo. Wamfupi adzigoletse yekha zigoli ziwiri, kenako asewere mphindi 20 zotsalazo, ndipo amene agonje pamenepo ndi amene alipire. Palibe anatsutsa. Wamfupi anang'ung'udza pang'ono kuti osewera ake adzakhala asanatope ngati poyamba, koma anzake anamukumbutsa kuti a mnzakenso chimodzimodzi.

"Bola kuno mlandu umatha tsiku lomwelo," anatero wa chipewa chofiira, akukhala pansi. Mawu ake anali atasintha. Anati iye wakwanitsa zaka zovotera koma alibe chitupa. Agogo ake aamuna anachokera ku Dedza, bambo ake anabadwira mu Harare momwemu ndipo anamwalira chitupa chawo chikunena kuti ndi mlendo. Mapepala ochepa amene mayi ake anasunga anatayika nyumba yawo yakuseri itagwetsedwa pa Murambatsvina mu 2005, chipasupasu chija chimene lipoti la United Nations linati chinasiya anthu pafupifupi 700,000 opanda pokhala kapena popezera ndalama. Layini ya foni imene amagwiritsa ntchito inalembetsedwa m'dzina la mnzake. Ntchito ya ulonda anamubweza pachipata.

Benchi lonse linakhala chete, chifukwa nkhaniyi siyachilendo m'mabanja awo. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu obadwira mu Zimbabwe amene makolo awo anachokera kunja anauzidwa kuti akakane unzika wa dziko la makolowo, dziko limene ambiri anali asanaliponde n'komwe. Amene sanathe kutero anataya unzika wa Zimbabwe pamodzi ndi voti yawo. Bungwe la Amnesty International linatulutsa lipoti mu 2021 losonyeza kuti zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia zidakali m'vutoli, chifukwa kholo lopanda chitupa limalephera kutengera mwana wake kalata ya kubadwa, ndipo mwanayo naye adzalephera kutengera wake.

Wamfupi uja, amene posachedwapa ankafuna kumudya mnzake wamoyo, ndi amene anapsa mtima kwambiri. "Nanga Benjani? Makolo ake si a ku Malawi? Pamene anagoletsa Manchester United pa Old Trafford mu 2008 dziko lonse linavina kuti mwana wathu. Anali kaputeni wa Warriors, timu ya dziko lino. Ukamagoletsa ndiwe wa kuno, ukafuna chitupa ndiwe mubhurandaya, mlendo wa ku Malawi?"

Ndinamva kuwawa mumtima, chifukwa mnyamata wa chipewayo sakupempha chifundo cha munthu. Malamulo aakulu a dziko a 2013, pa ndime 43, amanena kuti munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanakhazikitsidwe, amene kholo lake limodzi kapena onse anali nzika za dziko la mu SADC, ndipo iye ankakhala mu Zimbabwe pa nthawiyo, ndi nzika mwa kubadwa. Ufulu ali nawo kale. Chimene chikumutsekereza ndi umboni wa papepala, ndipo anthu amene akanamuchitira umboni akutha mmodzimmodzi.

Mayi wina wogulitsa tomato ndi masamba pafupi ndi khondelo anali akumvetsera nthawi yonseyi. Anaimirira, n'kumanga bwino chitenje, n'kulankhula Chichewa chosasakaniza.

"Mwanawe, amayi ako alipo?"

"Alipo, amayi."

"Unabatizidwa?"

"Eya, ku Katolika."

"Ndiye pita kwa abambo mfumu akakupatse kalata ya ubatizo. Upitenso kusukulu imene unayambira, ahedi akalembe kuti unaphunzira pamenepo. Kuchipatala kumene unabadwira mabuku amasunga, ukafunse. Ukatero utenge amayi ako ndi wachibale wina amene ali ndi chitupa, mulawire kusanache. Akakubwezani, mufunse chimene chasowa, muchilembe papepala, mubwererenso. Wanga wachiwiri anayenda ulendo womwewo mpaka anachipeza."

Wokonza mafoni anati pa foni yake ali ndi malamulo a dzikowo, asindikiza tsamba la ndime 43 kuti mnyamatayo akapite nalo m'thumba. Wamfupi anati ndalama ya kombi ya Lolemba apereka ndi iye.