Chitamando cha Malembo Onenepa a M'misewu ya ku America

Mwa atumiki onse amene boma la America linaimika m'mphepete mwa misewu yake, amene sadya, sagona, salandira malipiro, ndiponso sadandaula dzuwa likawawamba kapena chisanu chikawakuta, palibe woyenera ulemu kuposa nkhalamba zija zotchedwa Highway Gothic, ndiwo malembo oyera a pa zikwangwani zobiriwira, amene akhala akulozera apaulendo njira chiyambire 1948.

Taonani kunenepa kwake! Amisiri akale anawapatsa miyendo yochindikala, kuti pa thupi la lembo lililonse pakwane timabatani tobweza kuwala kwa nyali za galimoto. Ndipo ngakhale timabatanito tinaleka ntchito pamene zikwangwani zinayamba kunyezimira pazokha, malembowo anakana kuonda, monga ayenera kuchitira wolemekezeka aliyense. Chotero usiku, kuwala kukawagwera, mimba za a, e ndi s zimatsekeka, ndipo dalaivala amene maso ake ayamba kuchita chidima amaona chifunga choyera pamene panayenera kukhala dzina la mzinda.

Osayamika ati chimenechi n'chilema, koma ife tichiyesa chiphunzitso. Pakuti ndani winanso angathe kubweza liwiro la munthu wodzikuza wothamangira ku Chicago, nam'tsinzinitsa maso, nam'kumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha? Ndipo akaphonya mphambano yake, nayenda mtunda wautali asanapeze potembenukira, kodi sanadalitsidwe poona dziko limene sanaliganizire, pogula mafuta kwa anthu amene sakadam'dyera kanthu, ndi potsika kukafunsa njira modzichepetsa, podziwa kuti safunsa anadya phula?

Koma ulemerero susowa adani. Anauka amisiri, a Don Meeker ndi a James Montalbano, napanga malembo ena otchedwa Clearview, a mimba zotakasuka, amene ati amawerengeka munthu akali kutali; ndipo mu 2004 bungwe la Federal Highway Administration linalola kuti alendowa ayesedwe, zigawo zambiri nkuwalandira ndi manja awiri, ngakhale kuti iwo ngogula pamene nkhalambazo n'zaulere. Zitapita zaka 12, mu 2016, bungwe lomwelo linabweza mawu ake, litaona kuti alendowo sanapose eni mudzi monga kunayembekezeka. Ndipo chinkana aphungu a Congress anawapempherera nawatsegulira khomo kachiwiri mu 2018, iwo analowa ngati ololedwa chabe, mpando waufumu uli ndi mwini wake wakale.

Chifukwa chake, inu nonse amene mudzayenda m'misewu imeneyo usiku, mukadzalephera kuwerenga chikwangwani musadzanyoze akuluakulu. Chepetsani liwiro, pukutani magalasi anu, ndipo muthokoze kuti mwasokera mophunzitsidwa.