Mkuyu woyaka m'buti

Makolo ankati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ankanena izi atagwira nkhuyu yofiira bwino, yoti ukaing'amba umapeza ena anayamba kale kudya. Koma makolowo anali ndi mwayi, chifukwa mkuyu wa nthawi yawo sunkalumikizidwa ku batire.

Mlamu wanga ndi kalaliki pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Ndi amene amalemba makilogalamu pa sikelo anthu akabwera ndi madengu a masamba. Atagula Toyota Sienta yakale, ya zija zochokera ku Japan zotsikira pa doko la Dar es Salaam, banja lonse linaimba nthungululu. Tinati basi, wodwala sadzakweranso kabaza popita kuchipatala cha pa boma, ndipo kabichi wa pa Bvumbwe tizibwera naye m'buti. Buti yake iti? Sabata yachiwiri galimoto inapita ku Limbe, n'kubwerako buti itadzaza ndi bokosi la matabwa lokutidwa kapeti, ampulifaya ya Pioneer, ndi masipika awiri aakulu ngati zivundikiro za miphika ya pamaliro.

Komatu chimene alamu anatiitanira sichinali masipikawo. Pakati pa bokosi panali galasi la pulasitiki, lija amati perspex, lozokotedwa ndi makina: masamba awiri a tiyi ndi kansonga pakati, monga amathyolera tiyi wabwino, pansi pake mawu oti BWANA WA MASAMBA. M'mphepete mwa galasilo mmisiri anamata timagetsi ta LED. Kuwala kumalowera m'mbali, kumayenda m'kati mwa pulasitiki osaoneka, n'kutulukira pokhapo pamene pazokotedwa, moti kukada zilembo zimangoti lende m'malere, zobiriwira ngati munda wa tiyi mvula itangokata. Ndisaname, n'zokongola. Ine ndemwe ndinajambulitsa pamenepo.

Vuto n'lakuti chizindikirocho chili m'buti, ndipo woyendetsa amakhala kutsogolo. Mwini wake sachiona. Kuti anthu achione, ayenera kuima, kutsika, kutsegula buti, n'kuimirira pambali manja ali m'thumba ngati sakudziwa kuti galimotoyo ndi yandani. Ulendo wochoka pa Thunga kukafika ku Luchenza tinauyenda masana onse, chifukwa paliponse pamene panali anthu oposa atatu, alamu ankamva kuti m'buti mukugogoda china chake chofunika kuchiona. Esiteti ya Satemwa inayamba mu 1923, ndipo dzina lake linawoloka nyanja pang'onopang'ono, kapu ndi kapu. Alamu anafuna kutchuka pofika Loweruka.

Tsono nyerere. Matayala anali osalala ngati chipande. Batire ya mavoti 12 inali yomwe ija inabwera ndi galimoto, ndipo alternator anaipangira banja la ku Japan lomvera wailesi motsitsa. Besi ikagunda, magetsi akutsogolo ankaphethira limodzi ndi nyimbo, zimene alamu ankati ndi sitayilo. Nyerere yaikulu inali ngongole ya ku banki m'khonde, yotengedwa m'dzina la mchemwali wanga. Chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chobwera kuchokera kunja chimaluma, ngakhale waya wofiira uja wochoka ku batire kukafika kumbuyo.

Apa ndiwaikire kumbuyo alamu pang'ono. Odziwa za mitengo amati tizilombo tina timene timapezeka m'kati mwa nkhuyu ndi timavu ting'onoting'ono, ndipo ndi tomweto timene timanyamula mungu kuti mkuyu ubereke. Popanda ito palibe nkhuyu. Nditawauza alamu zimenezi anandigwira chanza mwamphamvu, n'kunena kuti, “Mwaonatu alamu, ngongole ndi imene imabereketsa.” Sindimo ndinkatanthauza, koma ndinali nditakwera galimoto yawo, ndiye ndinangoti inde.

Tsiku lake linali Lamulungu m'mwezi wa Juni, chiperoni chitakuta phiri la Thyolo. Alamu anati nkhungu ndiye yabwino, chifukwa kuwala kumaonekera kutali. Anaimika galimoto pa kamsewu kafumbi pakati pa minda ya tiyi, anazimitsa injini posunga mafuta, anatsegula buti, nyimbo n'kuyamba. Kwa maola awiri tinkajambula zithunzi za pa WhatsApp, masamba a tiyi akunjenjemera ndi besi. Kenako nyimbo inayamba kutsokomola. Alamu anapotokola kiyi: tche, tche, zii.

Amene anatipeza anali amayi ochokera ku tchalitchi, ambiri mwa iwo othyola tiyi omwe alamu amawalembera makilogalamu. Wamkulu wawo anazungulira galimoto, anawerenga zilembo zija, zimene zinali zikuyakabe mwa apo ndi apo, n'kufunsa mwaulemu wonse: “Akalaliki, ndiye a Bwana wa Masambawo ndi inuyo kapena atsala m'mbuyo?”

Anamanga zitenje, tinayamba kukankha pamatope, ine pakati pawo. Alamu anali pa chiwongolero, mutu uli pawindo, akukuwa: “Amayi, chonde, kankhirani cha m'mbali, galasilo silichedwa kukalika!”