Mlandu wa Ndege Yosanyamuka

Inu adzukulu anga a ku Joni, khalani pansi. Ndikudziwa kuti kalatayi muiwerengera pa foni muli chiimire, maso kwina chala kwina, koma mlandu sazenga munthu ataima. Bwalo lakhala kale kuno kwa Chimaliro, pansi pa mtengo wa mapeyala uja munkathyola nthambi zake. Woweruza ndine, mboni ndi agogo anu aakazi, ndipo umboni munatumiza nokha pa WhatsApp Lamlungu lapitali. Wolemba ndi mng'ono wanu wa ku MUST, amene ndamuletsa kuseka mpaka chigamulo chiperekedwe.

Mlandu wake nawu. Tsiku lopuma munatengana atatu kukaona mzinda. Izi sindikutsutsa, chifukwa munthu wokhala ku Johannesburg zaka zonsezi osauponda mlatho wa Mandela ndi wochititsa manyazi mtundu. Munajambulitsa pamlathopo, munadya zokazinga za m'mapepala, kenako munalowa m'chinyumba cha masitolo n'kutulutsa marandi enieni, okhetsera thukuta, kuti anthu akutsekereni m'bokosi lonamizira ndege. M'vidiyomo ndakuona iwe wamkulu, mnzanga wolimbirana naye nkhuku ya pa Khirisimasi, utakhala pampando wa woyendetsa, zomvera zili m'makutu, nkhope ili gwa, ukudina mabatani osadziwa n'komwe ntchito yake. Ndakuona iwe mkazi wanga wamng'ono utakakamira lamba, ukukuwa kuti "Mayo ine, tikugwa!" Wachitatuyo sindinamuone, koma kuseka kwake ndakuzindikira, ndi kwa kuchimuna kwawo. Ndiye pansi pake mwalemba mosaphethira kuti: "Agogo, lero tayendetsa Boeing 737."

Mwaiyendetsa kupita nayo kuti? Munalowa pakhomo loyang'anizana ndi sitolo ya nsapato. Munatuluka pakhomo lomwelo, sitolo ya nsapato ili pompo, wogulitsa sanasinthe ngakhale mwendo woimira. Agogo anu anaonera kawiri, n'kufunsa ngati pasipoti anakudindirani. Atamva kuti ayi, anabwerera kukasenda chinangwa osanenanso kanthu, ndipo inu mukuwadziwa kuti akakhala chete chomwecho ndiye kuti nkhani yakula.

Chomwe chikundivuta n'chakuti atatu nonsenu ndege yeniyeni simunailowepo. Munapita ku Joni pa basi: Mwanza, Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete dzuwa likuswa mtengo, Nyamapanda, Harare, mpaka kukagona pamzere pa Beitbridge miyendo itatupa. Umenewo unali ulendo, ndipo mukanandiuza kuti mukunyadira umenewo ndikanakuwombolerani m'manja. Koma inu mwasankha kunyadira ulendo umene simunayende.

Musaganize kuti nkhalambayi ikukalipa chinthu chosachidziwa. Ndinamukhazika pansi mng'ono wanuyu kuti andifotokozere, pakuti ndalama za sukulu sitikulipirira kuti azingodya nyemba pa Ndata. Akuti bokosilo amaliimika pa miyendo yachitsulo isanu ndi umodzi, yotha kutalika ndi kufupika molamulidwa ndi kompyuta. Kumazenera kulibe kunja, kuli zithunzi zoyenda. Ndege ikamati ikuthamanga kuti inyamuke, bokosi limangopendekera chagada pang'onopang'ono, msana n'kukanikizika pampando, ndipo thupi limavomera kuti liwiro lakula. M'kati mwa khutu la munthu muli timadzi tomuuza ngati waima chilili kapena wapendama, ndiye makinawo ntchito yake ndi kunamiza timadzi timeneti pamodzi ndi maso. Maso akanena zina khutu n'kunena zina, m'mimba mumayamba kuwira. Ndi chifukwa chake iwe mkazi wanga unatuluka utagwira pakamwa, musayese kuti sindinaone pamene wojambulayo anatembenuzira foni kukhoma. Mwachidule, mwalipira kuti akupepeteni ngati mphale m'lichero, ndipo mwathokoza potuluka.

Makinawo payekha ndilibe nawo chifukwa. Oyendetsa ndege enieni amalowamo kawirikawiri kukayesedwa: amawazimitsira injini imodzi ndege ikungonyamuka, amawayatsira moto wabodza, amawaphimbira bwalo ndi nkhungu, kuti tsiku zikadzachitikadi manja asadzanjenjemere. Mwana wophunzirayu akuti amene anayambitsa zimenezi ndi mzungu wina wa ku America, Edwin Link, mu 1929. Bambo ake anali ndi fakitale ya malimba ndi mapiyano ku Binghamton, ndiye iye anatenga mivukuto yopopera mpweya m'malimbamo n'kuyendetsera kabokosi kake. Poyamba ogula anali eni malo a zisangalalo, oti ana azikwera n'kumaseka. Mpaka mu 1934, oyendetsa ndege a usilikali atafa angapo ponyamula makalata nyengo itaipa, m'pamene asilikali anagula mabokosi asanu ndi limodzi, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anapanga oposa 10,000. Mwaona? Chidole chinakula n'kusanduka chida cha ntchito. Inu mwachipeza chitakula, n'kuchibwezera ku ubwana.

Tsono mverani za ndege yonyamuka, kwa munthu amene anaikwera.

Nthawi yathu mnyamata wa kuno akafuna njinga, malata kapena ulemu kwa apongozi, njira zinali ziwiri: dengu kumsana m'munda wa tiyi, kapena Wenela wolemba anthu a ku migodi. Dzina lija mumatchula depoti ya mabasi ku Blantyre ndi lotsalira la nthawi imeneyo. Amakuvula malaya, kukuika pa sikelo, dokotala kukumvetsera pachifuwa, chala kuchidinda mu inki. Ukapambana, wa ku Chileka. Ndege zake zinali za mapiko a injini zinayi zokhala ndi zopukusa mphepo kutsogolo, ndipo zikalira nthaka inkanjenjemera mpaka m'mano. Tinakwera anyamata oti galimoto yomwe ena tinali titangoilawa masiku omwewo. Panalibe wofunsa kuti mukufuna nyengo yotani lero, yamvula kapena yadzuwa, monga anakufunsirani inu. Inatinyamula basi. Makutu anatseka, mitambo inabwera pansi pathu m'malo mokhala kumwamba, ndipo mkulu wina wa ku Mulanje amene ankadzitama pa depoti kuti saopa ngakhale njati anayamba kuitana mayina a makolo ake mmodzimmodzi, mpaka ena oti sanawaonepo. Ine sindinakuwe. Agogo anu akutsutsa, koma iwo kunalibe, ndipo bwalo lakana umboni wawo pa mfundo imeneyi.

Tinkatera ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kukwera sitima ya pamtunda mpaka ku Joni. Kumeneko kunali ndege ina yoyang'ana pansi, chikepe cha mumgodi, chotsika nawe mumdima mtima n'kutsalira kumtunda. Mantha amene inu mwagula ndi tikiti, ife ankatipatsa ulere m'mawa uliwonse, n'kuwonjezerapo fumbi la m'mapapo.

Apa ndisiye kaye nthabwala. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela, DC-4, inanyamuka ku Francistown kulunjika Blantyre, itadzaza anthu omaliza kontrakiti. Inangokwera pang'ono n'kugwa, n'kuyaka. Anafa anthu 78, mwa iwo 74 anali Amalawi anzathu, anthu oti katundu anali atamanga kale, mabulangete, mawayilesi, nsalu za akazi awo. Ofufuza anapeza kuti mafuta amene anathiridwa anali osakanikirana ndi a mtundu wina. Kamuzu anaimitsa pomwepo kulemba anthu a ku migodi, pa nthawi imene Amalawi kumeneko anali oposa 100,000, ndipo anthu anabwerera kumudzi mwaunyinji. Kulemba kunayambiranso mu 1977, dzina litasintha kukhala Theba, n'kudzatheratu mu 1988. Kuyambira tsiku la ngoziyo, ndege ikadutsa pamwamba pa mudzi, amayi ena ankasiya kusinja mpaka mkokomo uthe. Ndiye ndikamva mdzukulu wanga akuseka m'vidiyo kuti "tagwa, tiyambirenso," ndimakhala kaye chete. Sindikukuimbani mlandu pa ichi, simunadziwe. Tsopano mwadziwa.

Tibwerere ku bwalo, chifukwa mlandu waukulu sindinautchulebe. Zonse ndanenazi ndi zokometsera.

Mng'ono wanuyu wandiululira chinsinsi. Akuti m'kompyuta ya makina otere mumakhala mabwalo a ndege a dziko lonse lapansi, ndipo wolipira ndiye amasankha kumene akufuna kukatera. Ndinamuuza abwezere vidiyo ija poyambira, akweze mawu. Ndamva ndi makutu angawa mnyamata wa yunifolomu akukufunsani kopita. Mwakambirana, mwatsutsana, wina akuti Paris, wina akuti New York, mpaka mwagwirizana Dubai. Dubai! Kuli ndani wanu ku Dubai? Mchembere wake uti anakusambitsani kumeneko? Pakati pa anthu atatu obadwira kwa Chimaliro, odya matimati a pa Goliati mpaka kukula, sipanapezeke ngakhale mmodzi wonena kuti Chileka. Ulendo wopanda pasipoti, wopanda pamiti, wopanda wapolisi wa pamsewu, wopanda bwana wokana tchuthi, wosafuna n'komwe kugulira anthu mphatso, koma ngakhale pa ndege yabodza kwanu simunakufune. Atchona akale ankanamizira kusowa ndalama ya ulendo. Inu munamizira chiyani?

Mukanati Chileka, mukanaona zimene ine ndinaona pobwerera, nkhope ili pa galasi. Shire ali ngweee kumunsi, kenako nthaka ikukwera, mapiri a Blantyre akutulukira, Soche, Ndirande, Michiru, ndipo kutali chakum'mawa Mulanje atakhala phee, Sapitwa atabisa mutu m'mitambo pa mamita 3,002. Mukanamupempha mnyamatayo akhotetse pang'ono kuti mudutse pamwamba pa Thyolo, muone kubiriwira kwa Satemwa, Conforzi, Naming'omba ndi Makwasa, minda yometedwa bwino imene amayi anu aang'ono amatcholamo nsonga ndi masamba awiri kuyambira mbandakucha. Mukanatsata njanji mpaka pa Luchenza, n'kuyamba kukangana kuti denga lathu ndi liti. Ndipo ngati munkafunadi kuyesa ukatswiri, mukanamuuza akuikireni chiperoni cha mwezi wa June, nkhungu yoti mbuzi yako uimva kulira koma osaiona, tione ngati iwe wamkulu ukanatera ndi nkhope youma ija. Ku Dubai aliyense angatere, kulibe phiri loti n'kuligunda pafupi ndi bwalo.

Chileka si bwalo wamba, paja. Ndi pamene Kamuzu anatsikira pa 6 July 1958, anthu atakhamukirako mwaunyinji. Air Malawi, imene inayamba mu 1964 chaka cha ufulu, inkatera pomwepo mpaka inatsekedwa mu 2013. Lerolino ndege yochoka ku Johannesburg imafika pamenepo m'maola awiri ndi kanthu, nthawi yoti agogo anu akaika nyemba pamoto inu mukunyamuka, muzipeza zisanapse bwino. Ndikudziwa kuti tikiti yake ndi yowawa, sindine mwana. Koma munthu wosunga amayambira pa marandi omwe aja munapatsa mwini bokosi. Sindinafunse kuti anali angati, ndipo musandiuze, kuthamanga kwa magazi kwanga n'kokwera kale. Ndikungodziwa kuti ine, zaka zimene ndinagwira pa sikelo ku esiteti nditachoka ku migodi, ndinkaona madengu angati a tiyi amene mayi amasenza kuti ndalama yotero ikwane.

Wina wa inu ayankha, ndikumudziwa, kuti agogo nanunso munali anyamata. Ndinali, ndipo ndinawononga ndalama pa chipewa cha nthenga ndi nsapato zosongoka. Koma chipewa ndinabwera nacho, mudzi wonse unachiona, ndipo agogo anuwa anagwa nacho m'chikondi ngakhale lero akukana. Inu mwabwera ndi chiyani? Vidiyo imene yatimalizira bandulo ya sabata yonse.

Chigamulo nachi, ndipo apilo kulibe chifukwa woweruza wa apilo ndi agogo anu aakazi, amene ndi ouma mtima kuposa ine.

Iwe wamkulu, popeza ndiwe kaputeni, ubwerere kwa mwini bokosi ukamufunse ngati Chileka alimo m'kompyuta yake. Ngati alimo, ukatere pamenepo, ujambule, titumizire, ndipo ndidzaone Michiru ndi maso anga. Ukagunda phiri usatumize. Iwe mkazi wanga wamng'ono, chindapusa chako ndi chitenje cha agogo ako ndi jekete langa la nyengo yozizira, lokhala ndi matumba akuya, osati zopyapyala zimene mumavala inu. Wosekayo alipira nkhuku yoyera, yamoyo, yogula ndi ndalama zake pa msika wa Goliati, kutanthauza kuti afike yekha adzaisankhe. Nonse atatu mukaonekere pabwalo lino mwezi wa December tisanayambe kupalira kachiwiri, pa basi kapena pa ndege zili ndi inu, ndipo makasu anu ndawasanjika kale kuseri kwa nkhokwe. Mubweretsenso mabatire a wayilesi, aakulu aja.