Nkhandwe ya michira 9 yandidyera tambala

Nkhandwe ndimaidziwa bwino. Chaka chino chokha yanditengera misoti itatu m'khola, kuseri kwa nyumba yanga kuno ku Chitakale. Imatulukira m'minda ya tiyi usiku, ili ndi mchira umodzi ngati nyama iliyonse yolongosoka, ndipo ikalira pafupi ndi mudzi agogo ankati konzekerani zovuta. Ndiye mwana wa achemwali anga, amene anabwera kutchuthi kuchokera ku Joni, atandiuza kuti ali ndi nkhandwe m'thumba la kabudula, ndinayamba ndayang'ana kaye komwe kunali nkhuku zanga.

Anatulutsa makadi. Ine poyamba ndimayesa njuga, ndipo ndinakonza kale kukhosi kuti ndimulalikire monga malume wake. Iye akuti ayi, awa ndi Pokémon, masewera a ku Japan amene anayamba mu 1996, ndipo munthu umatolera tizilombo n'kumatimenyanitsa. Poyamba tinalipo 151, lero tapitirira 1,000. Ndinamufunsa kuti nanga ukatolera chonchi, umadya? Anandiyang'ana momwe ndimayang'anira anthu osadziwa kutakata pa bawo.

Kenaka anandiyalira nkhandwe zake pamkeka. Yoyamba ndi Vulpix, kofiira, kolavula moto, ka michira 6. Akuti kamabadwa ndi mchira umodzi woyera, ukamakula n'kumagawikana. Ukakakhudzitsa mwala wa moto kamasanduka Ninetales ya michira 9, imene imakhala zaka 1,000, ndipo ukaigwira mchira temberero lake limakhalanso zaka 1,000. Apa ndinasuntha pang'ono. Ife a m'tsinde mwa phiri la Mulanje nkhani ngati zimenezi sitiseka nazo. Tinakula tikuuzidwa kuti ku Sapitwa ukapeza chakudya chokonzakonza uzingodya osaitana mnzako, ndiye ngati anthu a ku Japan ali ndi nthano zawo za nkhandwe zochuluka michira, ine ndine ndani kuti nditsutse?

Panalinso Zorua, yakuda, imene imadzisandutsa munthu kuti ipusitse anthu. Imeneyo ndinati ndikuidziwa, inandibwereka ndalama chaka chatha ndipo imadutsa pano panjinga osandipatsa moni. Koma imene inandikhudza mtima ndi Nickit. Akuti imaba chakudya cha anzake n'kumafufuta mapazi ake ndi mchira. Ndinaiyang'anitsitsa nkhope kwa nthawi yaitali, ndikuganiza za misoti yanga.

Zikanathera pomwepo bwenzi lero ndili munthu. Koma mwanayo anangotchula mwamasewera kuti ku America kuli mkulu wina, Logan Paul, amene mu 2021 anagula khadi limodzi la Pikachu pa madola oposa 5 miliyoni. Khadi limodzi! Ndinayesa kuwerengera m'makwacha, foni yanga inangodzaza manambala mpaka ena kusowa pokhala. Usiku umenewo tulo sindinatione. Ndinkangoganiza kuti ngati khoswe wachikasu wa mchira umodzi akugulidwa chonchi, nanga nkhandwe ya michira 9, yonyezimira ngati malata atsopano?

M'mawa ndinamuitanira kuseri kwa bafa, mayi akunyumba asanabwere kuchokera kumjigo.

"Iwe, khadi la Ninetales lija undigulitse."

"Malume, limenelija ndi lovuta kupeza."

"Tchula mtengo."

Anayang'ana kumwamba, kenaka anayang'ana tambala wanga wofiira, yemwe ndinkasungira Khirisimasi. Akuti chifikireni sanadye nkhuku yachikuda, za ku Joni zimangomveka madzi okhaokha. Ine mumtima ndinaseka. Mwana wa zaka 11 akufuna kupikisana nzeru ndi munthu amene ndakhala ndikunenerera mitengo ya nanazi pamsika wa Chitakale iye asanabadwe! Tambala anaphedwa tsiku lomwelo. Mayi akunyumba ndinawauza kuti mlendo sagona ndi masamba okhaokha, iwo anangoti "Inu bambo, mtima wabwinowu wayamba liti?" Mwanayo anadya ntchafu zonse ziwiri ndi nthutumba yomwe, imene mwamwambo ndi yanga. Ine anandisiyira khosi.

Khadilo ndinalikulunga m'pepala la shuga n'kulibisa m'Baibulo, pa buku la Levitiko pamene palibe amatsegulapo. Mlendo atakwera basi kubwerera kwawo, ndinavala jekete n'kupita nalo kwa mnyamata wina wokonza mafoni, amene amadziwa za pa intaneti. Analitembenuza kawiri, n'kulikanda ndi chikhadabo pakona. Kunyezimira kuja kunamatuka ngati khungu la mbatata yophika. Anandionetsanso kuti dzina lenilenilo analilemba molakwika, chilembo chimodzi chinasowa.

"Madala, ili ndi la feki. Ku Limbe paketi yonse mugula pa mtengo wa mandasi."

Ndinafunsa ngati angalitenge ngakhale pa mayunitsi a foni. Anaitana anzake a kabaza kuti adzaone.

Kunyumba ndinapeza mayi akunyumba akusesa nthenga zofiira zotsala pabwalo, mwanayo atawafotokozera kale zonse asananyamuke. Sanakalipe. Anangotenga khadi lija n'kulikhoma ndi msomali pakhomo la khola, akuti mwina nkhandwe ya m'tiyi ikaona kuti abwana ake anadutsa kale pano idzapita kwa aneba.

Lachinayi usiku inabwera, n'kutenga msoti wachinayi.