Ulemerero wa CV

CV ndi pepala limene munthu wofuna ntchito amalembapo mbiri yake: dzina, maphunziro, kumene anagwirako ntchito, ndi mayina a anthu atatu omuchitira umboni. Ku Bembeke, kumene ansembe a White Fathers anatsegula mishoni mu 1910 ndipo cholembera chinazika mizu kalekale, pepalali limalemekezedwa kuposa khasu, ndipo m'pake.

Ubwino wake woyamba ndi kusakondera. Aliyense wa m'CV ndi wolimbikira, womvera, wodziwa kompyuta ndiponso wokonda kuwerenga mabuku. Mlesi sanapezekemo chiyambire. Izi zimatheka chifukwa ambiri amakalembetsa pa boma ku Dedza, kumene wotayipa amafufuta dzina la kasitomala wa dzulo n'kuikapo la walero. Motero mtsikana wochokera ku koleji ya aphunzitsi ya St Joseph's ndi mnyamata wa mapointi 38 pa MSCE amatuluka ndi khalidwe limodzi, nthawi zina ndi zolakwika zimodzimodzi.

CV ndi yaukhondonso, siyanjana ndi dothi. Munthu akhoza kukhala atalima mbatatesi kuyambira ali sitandade 5. Amadziwa kupopera mankhwala chiwawu chisanapsereze munda, amathirira kudimba mu Juni chisanu chikuluma zala, amakanira mavenda a m'mbali mwa M1 mpaka akweze mtengo wa thumba. Zonsezi CV imaziona bwinobwino, kenako n'kulemba kuti munthuyu sanagwirepo ntchito. Pepala lina likanachita manyazi.

Pa nkhani ya chuma, CV imapezetsa ntchito anthu ambiri kupatula mwini wake yekha. Amadyerapo wa fotokope, wogulitsa maenvelopu a khaki, wa kabaza ndi kondakitala wa minibasi ya ku Lilongwe.

Koma chimene akatswiri amachigomera kwambiri ndi kuleza mtima kwake. Zolengeza za ntchito m'nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times kawirikawiri zimanena kuti adzayankhidwa ndi okhawo osankhidwa. CV yosayankhidwa siidandaula. Imagona phee m'katoni, zinzake zitaipsinja, pamene ya mphwake wa bwana imalowa mu ofesi yopanda ndi envelopu yomwe. Masiku ano imayendanso pa imelo ndi pa WhatsApp, kumene imasowa msanga kuposa kale, pa mtengo wa bandulo chabe.