Ndaonda Mwadala, Ndisiyeni

Loweruka lapitali, pa chinkhoswe cha mwana wa msuweni wanga ku Zingwangwa, mkulu wina amene tinaphunzira limodzi kusekondale anandipatsa moni wa dzanja, koma dzanjalo osalibweza. Anandikokera kuseri kwa tenti, kumene amayi ankatsukira mbale, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Atatero anatsitsa mawu.

"Achimwene, zinazi osamabisa. Masiku ano mankhwala alipo, komanso ngaulere."

Ndinamuuza kuti sindikudwala, ndimathamanga.

"Mumathamanga? Akukuthamangitsani ndani? A katapila?"

Ndinafotokoza kuti ndikukonzekera marathon, woyamba chibadwire, ndipo ndalama zimene anthu apereke pondichemerera zipita kunyumba ina yolerera ana amasiye. Anandisisita paphewa, nati azindikumbukira m'mapemphero. Anachoka akupukusa mutu, m'manja muli mbale ya mpunga, nkhuku, nyama ya ng'ombe, tchipisi, ndi kakabichi kongokongoletsa pamwamba.

M'tauni muno munthu saloledwa kuonda mwa kufuna kwake. Kunenepa ndiko kumadutsa popanda mafunso. Masiku amene mimba inkayamba kulowa m'chipinda ine mwini ndikadali pakhonde, ndinali "bwana" paliponse. Mlonda wa pabanki ankandichitira sawatcha. Kondakitala ankatsitsa munthu pampando wakutsogolo kuti pakhale ine. Panalibe wondikokera kuseri kwa tenti kudzandifunsa chifukwa chimene ndinkapumira m'mwamba ndikangomanga zingwe za nsapato. Adokotala okha ndiwo anandiuza mosapsatira kuti BP yakwera, shuga ali pakhomo akugogoda, ndipo ndikapitiriza choncho mayi a kunyumba avala zakuda asanamere imvi. Lero lamba ndinakabooletsa mabowo atsopano kwa wosoka nsapato, mathalauza akale akulendewera ngati thumba la feteleza lomwe atsanula kale, ndipo masitepe a ku ofesi ndimakwera ndikuyankhula pafoni. Mphotho yake? Mlonda uja amandiimitsa pakhomo kundifunsa kuti ndikufuna ndani. Kondakitala akuti, "Madala, sunthirani uko, inu ndi ochepa thupi, pamenepo pakwana asanu."

Aneba nawo akuchita kafukufuku wawo. Anaona kuti tasiya ufa woyera, tikudya mgaiwa: basi ntchito yatha. Anandiona ndikupita ku ofesi wapansi galimoto ili pakhomo: mafuta amukanika. Wina anandiona ndikumwa tiyi wopanda shuga pamaliro, n'kukalengeza kuti ndalowa kampingo katsopano koletsa zotsekemera. Amayi a kutchalitchi kwathu anafika kunyumba ndi botolo la Sobo kudzazonda wodwala, ndipo wodwalayo anamupeza kuseri kwa nyumba akudumpha chingwe. Anandipemphererabe, poti anali atabwera kale. Sobo anabwerera naye.

Koma amene akuona zakuda ndi mayi a kunyumba. Mbiri itafika kumudzi, azakhali anakwera basi ku Ntcheu ndi thumba la kachewere, nkhuku yamoyo ndi mafunso. Ine sanandifunse kanthu. Analunjika kukhitchini, navundukula mapoto onse, nanunkhiza botolo la mafuta ophikira, kenako n'kuitana mwini khitchini.

"Apongozi, mwana wathuyu tinakupatsani ali ndi masaya. Masaya aja munaika kuti?"

Madzulo amenewo anaphika okha. Anandiunjikira mitanda isanu, nkhuku ikusambira m'mafuta, iwo n'kukhala pamkeka moyang'anizana nane, dzanja lili pachibwano, kuwerenga mbamu iliyonse yolowa m'kamwa. Nditamaliza mitanda iwiri n'kupempha madzi osamba m'manja, m'nyumba munagwa bata la pasiwa.

"Ndiye kuti ndathiramo chiyani? Nenani, ndine mfiti?"

Kwathu kukana chakudya cha azakhali ndi mlandu wofika kwa ankhoswe. Munthu ukhoza kukana ngongole, ukhoza kukana mimba, anthu amvetsa. Nsima ayi.

Chowawa n'chakuti thupi langa lomwe lili mbali ya azakhali. Munthu akaonda, thupi limayamba kuumira mphamvu, kutentha zochepa kuposa kale, ndipo m'mimba mumachuluka timadzi totchedwa ghrelin, tomwe ntchito yake ndi kukuwa kuti njala, njala. Thupi silimva zoti waonda mwadala. Ilo limangoti njala ya 1949 ija yabweranso, tiyeni tisunge chilichonse chimene chalowa. N'chifukwa chake ambiri oonda amadzanenepanso pakapita zaka zochepa. Kuonda kokha si nkhani. Malungo amatha kukuchitira zimenezo m'sabata imodzi, osakulipiritsa. Ntchito ili pokhalabe chomwecho m'tauni imene pamphambano paliponse pali chiwaya, msonkhano uliwonse wa ku ofesi uli ndi samusa ndi Fanta nthawi ya 10 koloko, ndipo kuthamanga komweko kumabwera ndi njala yakeyake. Ukathamanga makilomita 20 m'mawa, podutsa pa chiwaya fungo la kanyenya limakuitana ndi mfunda womwe.

Za marathon ndinayesa kuwafotokozera azakhali. Ndi mtunda wa makilomita 42 ndi mamita 195, pafupifupi kuchoka m'tauni ya Blantyre kukafika ku Lunzu n'kubwerera, wapansi, kulibe maliro, kulibe ngongole yokatenga. Mtunda wachilendowu unachokera ku masewera a Olympic a mu 1908 ku London, kumene othamanga ananyamukira ku Windsor Castle n'kukathera kutsogolo kwa mipando ya banja lachifumu m'bwalo la masewera. Ndiye kuti timamita 195 tothera, tija todzandimaliza, ndidzatithamanga chifukwa cha mfumu ya eni imene inafa kalekale. Chiyambi chake chenicheni ndi nthano ya ku Greece: akuti m'chaka cha 490 Yesu asanabadwe, mthenga wina anathamanga kuchokera ku Marathon kukafika ku Athens kukanena kuti agonjetsa Aperezi, ndipo atangonena anagwa n'kutsirizika. Azakhali anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye mwini wake anafa, inu n'kumati tiyeseko?"

Kukonzekera kumatenga miyezi inayi kapena isanu. M'kati mwa sabata umathamanga mitunda yaifupi, kumapeto kwa sabata umodzi wautali, kumawonjezera pang'onopang'ono mpaka kufika makilomita 30 kapena 32, kenako masabata awiri kapena atatu omaliza umachepetsa kuti miyendo ipume. Papepala n'zokoma. Koma amene analemba mapulani amenewa sanathamangepo m'Chilobwe 4 koloko m'mawa. Kuno bambo wamkulu akamathamanga kuli mdima pali mafotokozedwe awiri okha: waba, kapena mwini nyumba wabwerako msanga ku ntchito ya usiku. Agalu amayamba, mlonda n'kuimba wezulo, wezulo wina n'kuyankha kutsidya, posakhalitsa anyamata achitetezo cha m'dera atulukira ndi zibonga kudzafunsa kuti wailesi ndaisiya pati. Ndipo taonani vuto lake: ukaima akupeza, ukapitiriza watsimikiza mlandu.

Ndinagula chijekete chonyezimira pa kaunjika ku Limbe kuti ndizioneka wosalakwa. Tsopano madalaivala a minibasi akandiona patali amaponda buleki, kondakitala n'kuyamba kupinda kenakake m'manja. Akazindikira kuti ndi ine wa kabudula, zimene amayankhula sizilembeka m'magazini. A kabaza ndiye samvetsa n'komwe. Mmodzi amanditsatira pambali mtunda wonse wa Ginnery Corner mpaka ku Chichiri: "Tiyeni biggy, mwachedwa kuti? Ndikuchotserani." Ana asukulu amakuwa kuti "Kipchoge! Kipchoge!" Eliud Kipchoge anathamanga mtunda wonsewo pa ola limodzi, mphindi 59 ndi masekondi 40 ku Vienna mu 2019. Ine pakamakwana maola awiri ndimakhala ndisanafike theka, ndili pa zokambirana ndi Mulungu.

Pali zinanso zimene oonetsa mamendulo pa Facebook sanena. Chikhadabo cha chala chachikulu chimada, n'kugwedera, tsiku lina n'kutsalira m'sokosi. Ntchafu zimapalana mpaka kusupuka. Malaya onyowa ndi thukuta amakhula nsonga za mabere mpaka magazi, moti bambo wa ulemu wake, mkulu wa mpingo, amaima pagalasi mbandakucha akudzimata pulasitala pachifuwa ndi kudzipaka Vaseline malo osatchulika, uku akupemphera kuti mwana asatsegule chitseko. Ndiye pali khoma lotchuka lija, la cha pa makilomita 30, pamene shuga amene thupi linasunga m'minofu ndi m'chiwindi amatha, miyendo n'kusanduka ya munthu wina. Pofuna kulichedwetsa, masiku omaliza umadya zokhutitsa zambiri. Akatswiri a ku Kenya, aja a ku Iten, chakudya chawo ndi ugali, yomwe ndi nsima yomweyi. Pa zonse zimene ndinafotokoza, mfundo yokhayi ndi imene azakhali anaivomereza, ndipo anapempha kuti tiyambe usiku womwewo.

Anthu okha amene sandiseka ndi amene ndimakumana nawo mumdimamo. Abambo okankha njinga za makala, matumba ataunjikana kupitirira mutu, amene ayenda usiku wonse kuti kukamacha akhale atafika m'tauni. Amayi a madengu a tomato olawirira kumsika. Iwowa amangoti "Mwadzuka bwanji, bambo," n'kundipambana pachitunda, opanda nsapato zofewa, opanda botolo la madzi, opanda wowajambula. Ku Mulanje kuli mpikisano wa Porters Race, wa makilomita pafupifupi 25 kukwera ndi kutsika phiri, umene unayamba ndi anyamata onyamulira alendo katundu. Ndikaganiza za iwowo ndimasiya kudandaula za chikhadabo, mwina kwa mphindi zisanu.

Amene andikwana ndi a Loweruka. Mukuwadziwa. Amafika ndi magalimoto pafupi ndi Kamuzu Stadium dzuwa litatuluka kale, atavala zonyezimira kuyambira chipewa mpaka masokosi, padzanja pali wotchi yowerenga kugunda kwa mtima ya mtengo woposa lendi yanga. Amadziwongola theka la ola, kujambulana theka la ola, kuthamanga mpaka pakona, kujambulananso, ndipo ikamati 9 koloko ali pa mang'ina ndi zozizira, "kubwezeretsa zimene zatayika." Zatayika ziti? Zaka zonsezi mimba zawo sizinasunthe ngakhale chala chimodzi, koma uphungu ndiye ali nawo wodzaza lole. Wina amati ndizithamanga nditavala pulasitiki m'kati kuti mafuta asungunuke, chikhalirecho chimene chimatuluka ndi madzi basi, ndipo munthu ukhoza kukomoka nazo. Wina mkazi wake amagulitsa tiyi wochepetsa mimba pa WhatsApp, tiyi amene chimene amachepetsa ndi ndalama m'thumba ndi mtunda wa pakati pa iwe ndi chimbudzi. Wina, nditadandaula za mtengo wa nsapato, anandikumbutsa kuti Abebe Bikila wa ku Ethiopia anapambana ku Rome mu 1960 wopanda nsapato. N'zoona. Koma amene ankanena izi anali atavala nsapato zatsopano zothamangira, atakhala pampando, akutong'ola mano.

Anthu omwewa ndiwo ndinawapititsira pepala la malonjezo, lija munthu amalemba dzina ndi ndalama imene apereke pa kilomita iliyonse. Polemba ndiye analimbirana cholembera, aliyense kusuzumira zimene mnzake walemba kuti amupose. Ziro ankachita kugwa okha. Potolera ndiye ndaona zina. "Mwezi uno wandithina, mdala." "Ndatumiza kale, sizinafike?" "Ndidzapereka ukamaliza, nanga ukakafera pa 20 ndalama zanga zibwera bwanji?" Wina anandifunsa mosaseka ngati ndingamuchotsere ndikayendako wapansi pachitunda. Wina anati akufuna kaye kuona ana amasiyewo, mayina awo ndi manda a makolo awo. Pa WhatsApp timizere tiwiri timasanduka tabuluu, kenako zii, koma madzulo omwewo waika chithunzi cha nyama yootcha ndi mawu akuti Mulungu ndi wabwino.

Sikuti ndi osauka. Ndawaona ndi maso anga pa perekani-perekani, akuvina cham'mbali, mpukutu wa ma K2,000 m'manja, akumwaza limodzilimodzi, kuchedwetsa dala kuti wojambula afike. Kusiyana kwake n'kumodzi: paukwati pali MC wotchula dzina, udindo ndi kampani imene munthu amagwirako ntchito. Ana amasiye alibe chimkuzamawu. M'tauni muno dzanja limatambasuka pokhapokha pali mboni.

Ndiye ndaphunzirapo. Tsiku la mpikisano ndalemba ganyu wa kabaza uja wa pa Ginnery Corner. Kumbuyo kwake kudzakhala MC ndi chimkuzamawu, mwana wanga azidzathamanga pambali ndi lichero, ndipo kilomita iliyonse idzakhala ndi gulu lake. Kilomita yoyamba, akuchimuna. Yachiwiri, onse amene anandinena kuti ntchito yatha. Yachitatu, amayi a Sobo. Kuyambira pa 30 mpaka kumapeto, pamene ndidzakhale ndikuona mizimu ya makolo, MC azidzawerenga pepala lija mokweza, dzina, ndalama yolonjezedwa ndi ndalama yoperekedwa, kubwereza kawirikawiri kuti a ku Ndirande amve bwino.

Amene munasaina, pepala ndili nalo, ndipo ndalichulukitsa. Perekani mpikisano usanafike, dzina lanu lichoke m'manja mwa MC. Enanu mukafuna kuthandiza, dzaimeni cha pa kilomita 32 ndi madzi ndi nthochi, uphungu musiye kunyumba.