Za maboti a kuno, kwa alamu anga kwa Lundu

Hout Bay,
Cape Town

Okondedwa alamu,

Ine kuno ndilipo, ntchito ya m'maluwa ikuyenda, mimba yokha ndiyo yandivutako sabata ino, pa zifukwa zimene ndifotokoze m'munsimu musanazimve kwa anthu abodza.

Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndinaumva, ngakhale theka lake anali tambala akulira kumbuyo kwanu. Mukuti bwato bwanu bwabooka pansi, ndipo mwasowa chochita: kaya musemetse bwina, kaya musonkherane ndi anzanu apadooko mugule boti la injini loolotsa anthu kupita ku East Bank. Mwamaliza ndi mawu akuti "inu a ku Joni mumaona zambiri", kumene ndi kupempha ndalama mwaulemu. Mwafunsa munthu woyenera, chifukwa Loweruka lapitali nkhani yomweyi inandigwera ine.

Abwana anga anati tagwira ntchito bwino chaka chino, choncho atilipirira ulendo wapanyanja wokaona nyama zotchedwa seal pa kachilumba ka Duiker Island, kuseri kwa phiri la Sentinel. Ine ndikadakonda akadangotipatsa marandiwo m'manja, koma mphatso ya bwana siikhala ndi mafunso. Tinalipo ine, mnyamata wina wa ku Dedza amene madzi aakulu anawaonapo ndi a m'ndowa, ndi Mtonga wa ku Nkhata Bay wophika kukhitchini. Titafika padooko anatiuza kuti tisankhe. Uku kuli boti lalikulu, la denga, mipando ndi chimbudzi chake, lonyamula anthu odzaza basi. Uku kuli kaboti ka labala kopopa mpweya, ka injini kumbuyo, kamene mumakhala m'mbali mwake mutagwira chingwe.

Alamu, khalani pansi mumve izi: kakang'onoko ndiko kodula, kuwirikiza kangapo. Kwathu munthu akapeza ndalama amathawa bwato n'kukwera boti la injini. Kuno wolemera amawonjezera ndalama kuti amuchotsere denga, amuchotsere mpando, madzi ozizira amuthire kumaso, iye n'kumakuwa mokondwa. Ndinaganiza za inu, amene mwakhala mukunyowetsa anthu pa Shire zaka zonsezi n'kumawapepesa. Mukadawauza kuti kunyowako n'kolipiritsa, bwenzi pano muli ndi nyumba ya malata ku Nchalo.

Mtonga uja sanachedwe, analumphira m'kakang'onoko n'kundikodola. Akuti, "Tiyeni a ku Chikwawa, si inu mumati munabadwa ndi nkhafi m'manja?" N'zoona ndinanenapo zimenezo ku Imizamo Yethu kumene timakhala, ndipo sindikubweza. Koma ndinamufotokozera kuti luso langa ndi la mtsinje. Shire ali ndi mwambo: amachokera kumtunda, amapita kumunsi, tsidya lina ukuliona, ndipo adani ake timawadziwa ndi maina, ng'ona ndi mvuu. Nyanja ya Atlantic ilibe tsidya, madzi ake amapita uku akubwerera, ndipo kuzizira kwake munthu woleredwa ndi dzuwa la Okutobala la ku Ngabu sangakhalemo mphindi zochuluka. Komanso mnyamata wa ku Dedza uja anali akunjenjemera, ndiye panafunika wamkulu womuperekeza. Ndinakwera lalikulu chifukwa cha chifundo. Mukamva zina, n'za Mtongayo.

M'dookomo zonse zinali bwino. Ndinakhala mwaufumu, mwendo pamwamba pa unzake, pakati pa alendo a ku Germany ndi ku China, popanda wondifunsa mapepala. Titangotuluka pakhoma lotchinga mafunde, chiboti chonsecho chinayamba kukwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, mwapang'onopang'ono, moti chakudya cha m'mawa chinayamba kundifunsa njira yotulukira. Ndinapita kumbuyo kukayang'ana mmene injini imagwirira ntchito, kuti ndidzakulangizeni bwino, ndipo ndinakhalako nthawi yaitali nditaweramira m'madzi. Vuto linali soseji imene ndinadya m'mawa, osati nyanja. Chodabwitsa n'chakuti wa ku Dedza uja anali kutsogolo akudya tchipisi n'kumajambula.

Nyamazo ndinaziona pang'ono podzutsa mutu. Taganizani katumbu wonenepa kufika msinkhu wa mwana wa ng'ombe, wopanda miyendo yeniyeni, ndipo alipo ambirimbiri atagona pathanthwe, kuuwa ndi kukanganirana malo. Fungo lake limakulandira usanafike. Azungu ena ankakonda kudumphira m'madzi kukasambira nazo, koma m'chaka cha 2024 zinadziwika kuti zina mwa nyamazi zili ndi chiwewe, chomwe chija cha agalu. Tangoganizani kubwera ulendo wonsewu, kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, n'kudzalumidwa ndi chiwewe cha m'madzi. Pamaliro akanena chiyani?

Apo n'kuti kaboti ka Mtonga kakutidutsa ngati kachita kuthamangitsidwa, iye atanyowa mpaka zam'kati, akundibayibitsa. Anafika pafupi ndi thanthwe kuposa ife, zimenezo ndivomere. Koma Lolemba anabwera kuntchito akuyenda chotang'adza chifukwa cha kudumphadumpha kwa pa labala paja, ndipo foni yake inamwa madzi amchere. Pano akubwereka yanga.

Tsono pa nkhani yanu. Mungaganize kuti poti ndinakwera lalikulu ndikuuzani mugule la injini. Ayi. Kuno ndi kunyanja, kwanuko ndi ku Shire, ndipo Shire sanakhalepo paubwenzi ndi zinthu zazikulu. David Livingstone anabwera ndi sitima yake ya Ma Robert m'chaka cha 1859, anadutsa kwa Chibisa, koma mathithi a Kapichira anamuimitsa. Pobwerera mu 1861 kuti akayende pa nyanja ya Malawi, anachita kusenzetsa anthu boti laling'ono kulambalala mathithiwo. Za dooko la ku Nsanje mukuzidziwa bwino kuposa ine, poti munapita kukaonerera mu Okutobala 2010 pamene a Bingu wa Mutharika ankalitsegula, a Robert Mugabe ndi a Rupiah Banda ali pompo. Munanyamula ndi kamba wa paulendo kuti mukaone sitima zikuluzikulu. Kodi munaziona? Pamene mabwato a ku Mtayamoyo sanasiye kuolotsa anthu, njinga ndi matumba a chimanga, popanda mtsogoleri wa dziko wobwera kudzadula riboni.

Boti la injini limamwa petulo, ndipo petulo akasowa mudzalipalasa ndi nkhafi zomwezo, lili lolemera kawiri. Chilimwe madzi akaphwa lidzakakamira pamchenga, namasupuni adzakola injini, ndiye eni ake mukhala asanu, aliyense akuti ndalama za dzulo anasunga ndi mnzake. Ndikudziwa kuti madzi akasefukira monga nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, injini ndiyo imapulumutsa anthu. Koma pa masiku otero, alamu, malo anu ndi kumtunda pamodzi ndi ana, osati pamtsinje kufuna makwacha.

Semetsani bwato. Ndalama ndatumiza pa Mukuru m'dzina la mlongo wanu, mayi a kunyumba kwanga, osati m'dzina lanu, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa inu ndi anzanu a ku Dyeratu. Chinthu chimodzi cha kuno chimene ndachisirira ndi majekete oyandamitsa munthu. Palibe amakwera kaboti kaja osavala. Ndagula anayi akaunjika, abwera ndi katundu wa pa basi mwezi wamawa. Ndi ovala okwera bwato; ndisadzamve kuti mwasandutsa mitsamiro, kapena kuti mwavala limodzi popita kuukwati.

Mupereke moni kwa apongozi, muwauze kuti bulangeti lawo sindinaiwale, ngakhale sindikudziwa kuti alifunda mwezi uti kumeneko. Anawo azipita kusukulu, asamangokhalira kuwedza. Wina akamabwera kuno munditumizire makakana owamba ndi ufa wa mapira pang'ono, chifukwa nsomba ya kuno yotchedwa snoek ndi minga yokhayokha. Ndipo chithunzi chilichonse chimene Mtonga uja angakutumizireni, chosonyeza munthu ataweramira m'madzi, musachionetse mlongo wanu.

Ine mlamu wanu wa ku Joni.